Chishalo cha Mota ndi Msana Wanu

Omvera athu amene amayendetsa mota, makamaka anyamata onyamula anthu kuno ku 25 de Setembro ndi ku malire ku Zóbuè, amadandaula chinthu chimodzi: msana ndi chiuno kupweteka madzulo, chikhalirecho munthu sanalime kapena kusenza thumba. Ambiri amangogula paracetamol n'kumwa. Koma kawirikawiri vuto limakhala pamene mwakhalapo.

Kuchokera ku Moatize kukafika ku Zóbuè pa msewu wa N7 ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo mukasiya phula n'kulowa m'midzi ndiye mabampu okhaokha. Mota ikagunda dzenje, mphamvu yake imayamba kuchepetsedwa ndi tayala, kenaka masipuling'i, pomaliza siponji ya m'chishalo. Yotsalayo imalowa m'msana mwanu. Siponji ikatha, msana ndiwo umagwira ntchito ya sipuling'i tsiku lonse.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Kanikizani chishalo ndi chala chachikulu pamalo pamene mumakhala. Ngati mukumva chitsulo kapena pulasitiki ya pansi, siponjiyo yafa.

Apa m'pamene ambiri timalakwitsa. Timapita kwa mmisiri wosoka masofa n'kumuuza kuti aike siponji yofewa ya matiresi. Tsiku loyamba imakoma, koma thupi likalemera imaphwatalala ndipo mumakhalanso pachitsulo chomwe chija. Yabwino ndi siponji yolimba pansi, ndi kena kofewa kopyapyala pamwamba pake. Ndi yokwererapo mtengo, inde, koma ine ndimaona kuti imaposa kugula mapiritsi sabata ndi sabata.

Kaumbidwe kake nakonso n'kofunika. Munthu amakhalira mafupa awiri a m'matako, choncho kumbuyo kwa malo a woyendetsa kukhale kotakata ndi kosalala kuti mafupawo apeze pokhazikika. Kutsogolo, kufupi ndi thanki, kukhale kopapatiza kuti miyendo itsike bwino. Chishalo chosongoka pakati ngati msana wa ng'ombe, kapena chopendekera kutsogolo, chimafinya mitsempha yodutsa pakati pa miyendo. Abambo, nkhaniyi sitiikamba poyera chifukwa cha manyazi, koma dzanzi la kumaliseche limene ena amalimva akatsika mota limachokera pamenepa. Si kulodzedwa ayi.

Powonjezera siponji musakweze kwambiri. Mukaima, mapazi onse awiri azifika pansi. Chishalo chachitali chimagwetsa munthu pamchenga, makamaka atanyamula mayi wodwala kapena woyembekezera.

Nanga chikopa cha pamwamba? Kuno kwathu mu October ndi November kutentha kumatha kupitirira madigiri 40, ndipo chishalo chakuda chosiyidwa padzuwa chimawotcha ndithu. Imikani mota pamthunzi kapena phimbani ndi kansalu. Chikopa chikang'ambika sokani msanga, chifukwa siponji imamwa madzi a mvula n'kukhala yonyowa masiku angapo. Chinyezi ndi thukuta zimathandiza zipere zoyabwa za m'mphechepeche kukula. Ena amamanga pilo ndi mphira pamwamba pa chishalo. Ameneyu amaterereka mukaponda buleki. Zowotcherera chitsulo kumbuyo kuti pakwane anthu atatu kapena anayi, zimenezo n'zopha masipuling'i ndi kuika moyo wa anthu pachiswe.

Chikwama cha ndalama chotsani m'thumba la kumbuyo musanakwere, popeza chimapendeketsa chiuno. Matayala asapopedwe mpaka kuuma ngati mwala. Pa ulendo wautali imani pakatha ola lililonse, tsikani, yendaniko pang'ono ndi kudziwongola.

Ngati mwakonza chishalo koma ululu ukupitirira kwa masabata angapo, kapena ukutsikira kumwendo, pitani ku Centro de Saúde akakuyezeni. Koma ngati dzanzi la pakati pa miyendo silikuchoka, mwendo ukufooka, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikuvuta kutuluka kapena zikungotuluka zokha, musadikire kuche. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo wina akuperekezeni, musayendetse nokha.