Dolly Parton: mwana wa kumapiri yemwe anakana kupereka theka la nyimbo yake

Anthu okonda nyimbo za chamba cha country amamudziwa Dolly Parton ngati katswiri woyimba, koma chomwe chinamuchotsa pa umphawi kwenikweni ndi luso lopeka nyimbo komanso kukakamira umwini wa nyimbozo.

Parton anabadwa pa 19 January 1946 m'boma la Sevier, m'chigawo cha Tennessee m'dziko la America, ndipo ndi wachinayi m'banja la ana 12. Banjali linkakhala m'kanyumba ka chipinda chimodzi kumapiri a Great Smoky. Bambo ake, a Robert Lee Parton, anali mlimi wa fodya wosadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo dokotala yemwe anathandiza pa kubadwa kwa mwanayu analipidwa thumba la ufa wa chimanga.

Kuyimba anayambira m'tchalitchi momwe agogo ake aamuna, a Jake Owens, ankalalikira. Ali ndi zaka 10 anali atayamba kale kumveka pa wailesi mumzinda wa Knoxville, ndipo ali ndi zaka 13 anayimba pa Grand Ole Opry, bwalo lotchuka la nyimbo za country mumzinda wa Nashville.

Atamaliza sukulu ya sekondale m'chaka cha 1964, m'mawa mwake anakwera basi kupita ku Nashville. Kumeneko anayamba kudziwika ngati wopeka nyimbo, osati woyimba. Nyimbo ya Put It Off Until Tomorrow, yomwe anapeka ndi amalume ake a Bill Owens, inatchuka mu 1966 itayimbidwa ndi Bill Phillips. Chaka chotsatira woyimba Porter Wagoner anamutenga kuti aziyimba naye pa pologalamu yake ya pa wailesi ya kanema.

Umphawi wa kwawo sanaubise. Nyimbo ya Coat of Many Colors ya mu 1971 imakamba za chovala cha zigamba chomwe mayi ake anamusokera, ndi momwe anzake kusukulu anamusekera atachivala.

Posiyana ndi Wagoner mu 1974, Parton anatulutsa nyimbo yotsanzikana naye ya I Will Always Love You. Elvis Presley anafuna kuyiyimba, koma Colonel Tom Parker, yemwe ankayendetsa zamalonda za Presley, anati izi zitheka pokhapokha Parton atapereka theka la umwini wa nyimboyo. Umwini woterewu ndi umene umachititsa kuti wopeka nyimbo azilandira gawo lake nthawi iliyonse nyimbo ikagulitsidwa kapena kuulutsidwa, posatengera kuti wayimba ndani.

Kukaniza munthu wotchuka ngati Presley sichinali chinthu chapafupi, ndipo Parton wakhala akunena kuti analira usiku wonse. Komabe anakana.

Mu 1992 Whitney Houston anayimbanso nyimboyi mu filimu ya The Bodyguard ndipo inamveka dziko lonse lapansi. Ndalama za umwini, zomwe theka lake likanapita kwa ena, zinapita kwa Parton.