Nthenda Imene Imakalamba Pamodzi ndi Mwini Wake

Pamene dotolo wa ku Paris, Jean-Martin Charcot, analongosola nthenda ya multiple sclerosis m'chaka cha 1868, panalibe mankhwala oichepetsa ukali. Koma lero lino, popeza mankhwala otere anayamba kupezeka m'chaka cha 1993, ambiri mwa anthu oposa 2.8 miliyoni amene ali nayo pa dziko lapansi amafika nayo mpaka kumera imvi, ndipo nkoyenera kufunsa chimene zaka zimawachitira.

Nthendayi imadza chitetezo cha m'thupi chikatembenukira mwini wake ndi kuyamba kudya chikutiro cha mitsempha ya mu ubongo ndi mu msana, monga makoswe atafuna chikutiro cha waya wa magetsi, kotero kuti uthenga wopita ku maso, ku miyendo kapena ku chikhodzodzo umachedwa, ngakhale kutayika kumene. Imachuluka ku maiko ozizira monga Scotland ndi Canada, imagwira akazi kuposa amuna, ndipo kawirikawiri imaonekera pakati pa zaka 20 ndi 40, nyengo imene munthu ali kumanga banja ndi kukhazikika pa ntchito. Jacqueline du Pré, woimba chida chotchedwa cello, wa ku England, anapezeka nayo mu 1973 ali ndi zaka 28, ndipo sanaimbenso pa bwalo kufikira imfa yake mu 1987.

Pa ubwana wa nthendayi, pafupifupi anthu 85 mwa 100 alionse amadwala mwa apo ndi apo: diso lichita chidima, mwendo uchita dzanzi, papita masabata angapo, thupi libwerera mwakale. Koma zaka zikamapita, kudwala kodzidzimutsa kotere kumachepa, ndipo m'malo mwake, kwa ambiri, mumalowa kufooka kwa pang'onopang'ono kumene sikubwerera m'mbuyo, pakuti mitsempha yokalamba sithanso kudzikonza monga kale. Amene ankayenda yekha ayamba kugwira khoma popita kubafa, kenaka ndodo. Mkodzo umudzutsa usiku, mabatani a malaya amuvuta zala, ndipo kutopa kumamugwira ngakhale asanagwire ntchito iliyonse. Mvula ikakuona litsiro sikata: kuthamanga kwa magazi, shuga ndi kufooka kwa mafupa zimadzaonjezera katundu pa thupi lolemedwa kale.

Chodabwitsa, ndipo kwa ine ndicho chachikulu pa nkhani yonseyi, nchakuti mtima sutsika pamodzi ndi thupi. Ofufuza apeza kuti odwala achikulire, angakhale miyendo yao yatha mphamvu, nthawi zambiri savutika ndi nkhawa ndi chisoni monga achinyamata, amene tsogolo lawasokonekera mwadzidzidzi ndipo sadziwa ngati mawa adzadzuka akuona. Wachikulire waidziwa nthenda yake. Adziwa kuti kutentha kumamufooketsa, choncho ntchito zake amazigwira m'mamawa, masana napumula. Chimene chimamupweteka koposa ndi kusungulumwa, abwenzi akaleka kubwera chifukwa iye sangathenso kuwayendera.

Palinso mlandu umene madotolo akali kuusinkhasinkha. Mankhwala amene amathandiza kwambiri achinyamata amachepa mphamvu pa okalamba, pamene chiopsezo chotenga matenda ena chifukwa cha mankhwalawo chimakula, ndipo pa chifukwa chimenechi munthu amene nthenda yake yakhala bata zaka zambiri ayenera kukhala pansi ndi dotolo wake, nakambirana mosafulumira ngati apitirize mankhwalawo kapena ayi, osati kuwasiya mwa yekha.