Musanatumize ndalama ya munda wa kumudzi, dziwani izi

Masiku ano simungatsegule Facebook kapena gulu la WhatsApp la kuno ku Kawale osakumana ndi uthenga wotsatsa malo. "Maekala awiri ku Mitundu, pafupi ndi msewu." "Munda ku Nathenje, mapepala a amfumu alipo." "Malo a famu ku Mpingu, mwini wake ali pa changu." Pansi pake pali chithunzi cha chimanga chobiriwira ndi nambala ya foni.

Ndikumvetsa chifukwa chake mauthengawa akutikoka. Lendi ikungokwera, puloti ya mumzinda mtengo wake sitingaufikire, ndipo pa kalembera wa 2018 mzinda wa Lilongwe unali kale ndi anthu pafupifupi 1 miliyoni. Wachinyamata amene wasunga kangachepe kuchokera ku geni ya kaunjika, kabaza kapena banki mkhonde akuona kuti bola kukagwira malo kumudzi, alimepo soya, awetepo nkhumba, mwina mtsogolo amangepo. Maganizowa ndi abwino ndipo ine ndimawalimbikitsa. Koma malo a kumudzi ali ndi malamulo ake ndi mwambo wake, ndipo amene sakuzidziwa amataya ndalama zimene anazivutikira zaka.

Malowo ndi a mtundu wanji?

Funso loyamba si la mtengo. Funsani kuti malowo ali m'gulu liti. Pali malo a boma, monga nkhalango ya Dzalanyama ndi m'mbali mwa misewu. Pali malo a lizi, amene munthu anabwereka ku boma kwa zaka zowerengeka ndipo ali ndi mapepala a ku unduna wa za malo. Ndiye pali malo a makolo, amene mafumu amayang'anira m'malo mwa anthu awo. Minda yambiri imene ikutsatsidwa pa foni ili m'gulu lachitatuli.

Apa ndi pamene ambiri sitimvetsa. Malo a makolo sali ngati njinga yoti mwini wake akatopa nayo amangoigulitsa. Munthu amene amalima mundawo ali ndi ufulu wougwiritsa ntchito, koma mundawo ndi wa banja lonse, ndipo makhothi athu akhala akunena mobwerezabwereza kuti malo a makolo sagulitsidwa ngati katundu wa munthu mmodzi. Zimene timazitcha kugula kumudzi kwenikweni ndi banja kuvomera kukusiyirani malo, mfumu n'kukulandirani. Banjalo likakhala kuti silinavomere lonse, kalata imene muli nayo ikhoza kukhala pepala chabe.

Kuno kwa Achewa malo amayenda kuchikazi. Mwamuna wa chikamwini amalima munda wa kwa mkazi wake, ndipo ngakhale atalimapo zaka makumi awiri, munda suli wake. Amene ali ndi mawu ndi mbumba: amayi a pabanjapo, alongo awo, ndi malume amene ali mwini mbumba. Ngati amene akukugulitsani ndi bambo mmodzi yekha, akulankhula monong'ona, ndipo akuti "akazi anga musawauze kaye", nyamukani muzipita. Tsiku lina mwana wa mlongo wake adzabwera kuchokera ku Joni n'kufunsa kuti munda wa agogo ake anagulitsa ndani.

Madera ena a kumadzulo kwa Lilongwe ali ndi nkhani yawoyawo. Kuyambira cha m'ma 1968, pansi pa chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme chimene Banki Yaikulu Padziko Lonse inathandiza ndi ndalama, minda inayezedwa n'kulembetsedwa m'maina a mabanja. Dongosololi anthu amalitcha ndunda. Dzina limene lili pa pepala la ndunda ndi la woimira banja, osati mwini malo yekha. Munthu akakuonetsani pepala lotere, musathamangire kusangalala kuti mwapeza malo a mapepala. Funsani kuti ena a pa ndundapo ali kuti.

Malamulo atsopano akuti chiyani?

Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza malamulo atsopano a za malo, kuphatikizapo Land Act ndi Customary Land Act, nduna ya za malo ili a Atupele Muluzi. Mu 2022 malamulowa anakonzedwanso, nduna ili a Sam Kawale.

Lamulo la malo a makolo linakhazikitsa makomiti a za malo pa gulupu aliyense. Wapampando ndi gulupu mwini wake, ndipo mamembala ena asanu ndi mmodzi amasankhidwa ndi anthu, osachepera atatu akhale amayi. Komitiyi ndi imene imaona zogawa ndi kulembetsa malo, ndipo banja kapena munthu akhoza kulandira satifiketi ya malo ake. Mikangano ili ndi bwalo lake limene wapampando wake ndi T/A. Kalemberayu sanafike paliponse, choncho funsani ku ofesi ya za malo kwa DC ngati dera limene mukulifunalo komiti inakhazikitsidwa. Kumene ilipo, amfumu paokha sangakupatseni malo pakhonde pawo komiti isakudziwa. Ndipo satifiketi ija siyopatsa mwini wake ufulu wogulitsa mmene wafunira, lamulo linaikapo zotchinga.

Kusintha kwa 2022 kunaletsa kugulitsa malo kwa anthu amene si nzika za dziko lino, kunaletsanso kugulitsa malo a lizi amene sanatukulidwe. Ndiye ngati muli ndi mnzanu wakunja amene akufuna kuti mumugulire malo m'dzina lanu, kapena wina akukutsatsani lizi ya tchire lokhalokha, dziwani kuti mukuponda pamene lamulo likukana.

Chinanso: mkati mwa malire a mzinda, mafumu alibe mphamvu yogawa malo. Eni malo mumzinda ndi monga unduna wa za malo, khonsolo ya mzinda ndi Malawi Housing Corporation. Madera a m'mphepete, kumene tauni ikukumana ndi midzi, ndi kumene chisokonezo chimachuluka, chifukwa pooneka ndi pamudzi koma pa mapu ndi mumzinda. Kumeneko fufuzani kawiri.

Pitani nokha, ndipo pitani kawiri

Malo sagulidwa pa chithunzi. Kwerani minibasi. Nathenje ili pa msewu wa M1 popita ku Dedza, Mitundu mumadzera msewu wa ku Bunda, Mpingu, Nsundwe ndi Namitete zili mbali ya msewu wa ku Mchinji, ndipo ku Malingunde mumadutsa ku Chinsapo ndi Likuni. Konseku munthu amapita m'mawa n'kubwerako madzulo.

Ine ndimalangiza kupita kawiri, kamodzi m'chilimwe, kamodzi mvula ili pakati, mu Januwale kapena Febuluwale. Malo amene mu Okutobala amaoneka osalala bwino akhoza kukhala dambo lodikha madzi mpaka m'mawondo. Kamsewu kamene galimoto inadutsa bwinobwino kakhoza kukhala koti ngakhale njinga yamoto ikukanika. Dambo si loipa ngati mukufuna dimba la tomato ndi masamba, koma si pomanga nyumba.

Yang'anani nthaka. Mukaona kaufiti, timaluwa tofiira tija tomera m'munda wa chimanga, dziwani kuti nthakayo inaguga ndipo idzafuna manyowa ndi kasinthasintha wa mbewu kuti ibwerere. Funsani mlangizi wa zaulimi wa deralo, amadziwa minda yake kuposa wotsatsa. Onani kumene kuli mjigo, ndipo funsani ngati zitsime zimaphwa mu Okutobala.

Yezani. Ekala ya pakamwa ndi ekala yeniyeni zimasiyana. Ekala imodzi ndi masikweya mita pafupifupi 4,047, kutanthauza malo a mamita pafupifupi 64 mbali zonse zinayi, ndipo hekitala imodzi ndi maekala awiri ndi theka, kuchotsapo pang'ono. Foni yanu yomweyo ili ndi GPS yoti ikupatseni chithunzithunzi, ngakhale kuti muyeso wovomerezeka ndi wa saveya. Yendani malire onse pamodzi ndi eni minda yoyandikana nayo, osati ndi wogulitsa yekha. Malo akakhala m'mbali mwa msewu waukulu ngati M1, kumbukirani kuti mamita 30 kuchokera pakati pa msewu, mbali iliyonse, ndi a msewu.

Mukatha zonsezi, khalani pansi pa golosale kapena pa mjigo, mucheze ndi anthu wamba. Funso losavuta loti "munda uwu ndi wa ndani?" limavumbula zambiri. Safunsa anadya phula.

Tsiku lopereka ndalama

Dobadoba asakuthamangitseni ndi mawu oti "pali wina akubwera ndi ndalama mawa". Malo amene ali pa changu chotere nthawi zambiri amakhala ndi nkhani. Musatumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kwa munthu amene simunamuone maso ndi maso, ngakhale atati ndi yongogwirira malo.

Mgwirizano uchitike masana, pabwalo, pamaso pa nyakwawa, gulupu ndi komiti kumene ilipo. Pakhale mwini mbumba, amayi a pabanjapo, ana akuluakulu ndi oyandikana nawo munda. Kalata ilembedwe m'Chichewa chomveka kwa onse, itchule kukula kwa malo, malire ake, ndalama zimene zaperekedwa ndi tsiku. Aliyense asaine kapena adinde chala, ndipo manambala a ziphaso za unzika alembedwe. Itengereni kalatayo kwa T/A wa deralo, kaya ndi kwa Chadza, Kalumba, Malili, Masula kapena Chiseka, ikadindidwe. Jambulani zithunzi, sungani kope ina pa imelo.

Musalekere pomwepo. Chidindo cha amfumu ndi chiyambi chabe. Pitani ku ofesi ya za malo kwa DC mukafunse njira yolembetsera malowo m'dzina lanu, ndipo ngati wogulitsa akuti malowo ndi a lizi, kafufuzeni ku kaundula wa unduna wa za malo ngati dzina lake ndi limene lilipodi komanso ngati malowo sanaperekedwe chikole ku banki. Zimenezi zimadya nthawi ndi ndalama, ndiye ziwerengereni pa mtengo wa malo kuyambira pachiyambi. Mukangolandira malowo, dzalani nkhadze, khonje kapena mitengo m'malire, ndipo limanipo chaka chomwecho. Munda wogona umaitana mavuto: wina amalowetsa mizere iwiri chaka chino, itatu chaka chamawa, ndipo wogulitsa wosakhulupirika amaugulitsanso kwa munthu wachiwiri.

Kukhala ndi anthu

Pepala limakutetezani ku khothi, koma pamudzi amakutetezani ndi anthu. Mukafika kumeneko ndinu obwera, ngakhale mutakhala ndi digiri ya ku LUANAR. Kukagwa maliro, khasu limagona, ndipo inu mukuyenera kukaonekera, kupereka chipepeso ndi kukhala pansi ndi anzanu. Kukakhala ntchito ya chitukuko, kaya kuumba njerwa za sukulu kaya kusonkha ya mjigo, dzina lanu lisasowe. Kumanda ndi ku dambwe si malo oti mukadulemo mitengo kapena kujambulamo za TikTok. Gule Wamkulu ali ndi eni ake ndi malamulo ake, ndipo mlendo wanzeru amapatuka n'kupereka ulemu.

Aganyu alipireni pa nthawi yake ndi mtengo umene munagwirizana. Amene mwamulipira bwino ndi amene adzakuimbireni foni mbuzi zikalowa m'munda kapena akuba akayamba kuthyola chimanga chachiwisi.

Ulimi wa pa foni nawo ndi umene wagwetsa ambiri a m'tauni. Mumatumiza ya feteleza muli ku Kawale, matumba awiri, m'munda mukulowa limodzi. Mbeu imadzalidwa mochedwa, ntchemberezandonda zimalowa m'chimanga inu osadziwa, pokolola mukumva kuti mvula inavuta. Ngati simungathe kumapezeka kumunda pa nthawi yodzala, yothira feteleza, yopalira ndi yokolola, yambani ndi malo ochepa. Mungathenso kubwereka munda kwa chaka chimodzi kapena ziwiri musanaganize zogula. Mudzadziwa nthaka, mudzadziwa anthu, mudzadziwanso ngati ulimi mumaukondadi kapena munangotengeka ndi zithunzi za anzanu. Walira mvula walira matope.

Ganiziraninso za amene akugulitsayo

Mabanja ambiri sagulitsa munda chifukwa chokonda. Amagulitsa mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe itatha, kapena pali matenda, kapena fizi yavuta. Ndalama ija imatha m'miyezi yochepa, ndipo ana awo amatsala opanda polima. Ena mwa iwo ndi amene timakumana nawo kuno ku Mgona ndi ku Chinsapo akusaka maganyu. Mikangano yambiri ya malo imayambira pamenepa, ana akakula n'kupeza kuti cholowa chawo chinapita pa mtengo wa matumba ochepa a chimanga.

Choncho funsani ngati banjalo likutsala ndi munda wina. Perekani mtengo woyenera, osapezerapo mwayi pa njala ya mnzanu. Izi si chifundo chokha ayi, ndi chitetezo chanu chomwe, chifukwa anthu amene akuona kuti munawadyera masuku pamutu sadzakusiyani mulime mwamtendere.

Ngati mwaona malo amene akusangalatsani sabata ino, chinthu choyamba kulipira chikhale thiransipoti yopita kukawaona. Tengani wamkulu mmodzi wodziwa za kumudzi, kaya ndi malume anu kaya mayi a kutchalitchi, mukayende nawo malire. Ndalama yotsalayo idikire mpaka mbumba yonse itakhala pansi n'kuvomera.