Makina otchetchera udzu: bwalo ndilo liyenera kusankha

Mvula ikangogwa kawiri katatu mu Disembala, mabwalo a sukulu, a tchalitchi ndi a mpira m'matauni ngati Balaka, Mponela ndi Luchenza amasanduka tchire. Kuyambira kale yankho lakhala chikwakwa, chida chomwe ana asukulu ambiri amachidziwa ngati chilango. Koma lero makomiti ena, eni malo ogona alendo ndi achinyamata obwera ku Joni, komwe Amalawi ambiri amagwira ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga, amalakalaka makina otchetchera udzu.

Vuto ndi thumba. Makinawa amachokera kunja, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wakunja sagwirika. Wolakwitsa kusankha amataya ndalama yomwe mpingo kapena banja lasonkha kwa zaka.

Pamsika pali mitundu itatu ikuluikulu. Woyamba ndi makina okankha, omwe munthu amayenda pambuyo pake. Gwero lake ndi makina omwe Edwin Budding adapanga ku England mu 1830. Wachiwiri ndi okwera, ooneka ngati kathalakitala, okhala ndi mpando ndi chiwongolero. Wachitatu ndi a zero-turn, omwe kampani ina ya ku Kansas m'dziko la America idayamba kugulitsa mu 1964 m'dzina la Hustler. Awa amawongoleredwa ndi zogwirira ziwiri: tayala lililonse lakumbuyo limayenda palokha, choncho makinawo amatha kutembenukira pamalo amodzimodzi osasiya udzu pakona.

Chomwe chimasiyanitsa mitunduyi kwenikweni ndi nthawi. Bwalo la mpira la mamita 105 m'litali ndi 68 m'lifupi ndi masikweya mita 7,140. Makina okankha amadula mzere wa pafupifupi theka la mita, ndiye munthu woyenda makilomita 4 pa ola amatchetcha masikweya mita 2,000. Akawerengera kupuma ndi kutembenuka, bwalolo limudyera maola anayi kapena asanu. Makina okwera odula mita imodzi, pa liwiro la makilomita 7 pa ola, amamaliza ntchito yomweyo mu ola limodzi ndi theka. A zero-turn amafulumira kuposa apo.

Koma panyumba yomwe kapinga wake sakwana masikweya mita 500, makina okankha amamaliza pasanathe theka la ola. Kugulira malo otere makina okwera, omwe mtengo wake ungagule okankha angapo, n'kugulira maso a anthu basi.

Chachiwiri ndi nthaka. Makina okwera adapangidwira malo osalala, pomwe mabwalo ambiri m'matauni muno ali ndi zulu, zitsa, miyala ndi ngalande zokumbidwa ndi madzi. Mpeni ukamenya chitsa umapindika, nthawi zina n'kupindanso chitsulo chomwe chimauzungulitsa. A zero-turn ndiwo amavuta kwambiri pamtsetse, kaamba koti matayala akutsogolo sawongolera kanthu. Pakanyowa amatsetsereka, ndipo opanga ake amaletsa kuwayendetsa potsetsereka kuposa madigiri 15. Wokhala m'mapiri a ku Thyolo kapena Dedza ayenera kuliganizira kawiri.

Chachitatu, chomwe ambiri amaiwala, ndi kukonzetsa. Injini ya makina okankha ndi yaing'ono, ndipo makaniko wokonza majenereta ndi mapampu othiririra mbewu pamsika angathe kuitsegula. Makina okwera ali ndi batire, malamba, matayala opopa ndi mipeni iwiri kapena itatu. A zero-turn amayendera mapampu a oyilo, omwe akafa amafuna katswiri ndi sipeyala yoitanitsa kunja. Makina odikira sipeyala mwezi wonse wa Januwale amapeza udzu utafika m'chiuno.

Petulo nayenso ali ndi nkhani yake. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe. Ethanol amakoka chinyontho, ndipo petulo akagona m'thanki chilimwe chonse amatseka kabuleta. N'chifukwa chake mvula ikatha ndi bwino kuwaliza makinawo mpaka petulo athe asanasungidwe. Oyilo asinthidwe pakatha maola 50 a ntchito kapena kamodzi pa chaka. Okankha amagetsi sasowa zonsezi, koma amafika pomwe chingwe chathera, ndipo magetsi akazima ntchito yaima.

Kwa wachinyamata wofuna kuyamba geni yotchetcha m'makomo, makina okankha ali ndi mwayi wina: amakwera pangolo kapena pagalimoto iliyonse, pomwe okwera amafuna thirela. Akawonjezera makina opachika paphewa odulira udzu wautali, angathe kulandira ntchito ngakhale pa ploti lomwe lakhala chaka osalimidwa.

Ogula makina ogwiritsidwapo kale ntchito ayenera kuwaliza injini ili yozizira. Utsi wobiriwira ngati thambo umatanthauza kuti injini ikudya oyilo, kunjenjemera kwambiri ndi chizindikiro cha chitsulo chopindika, ndipo dzimbiri lobowola chivundikiro cha mpeni ndi ngozi chifukwa miyala imatulukira pomwepo. Asanayambe kutchetcha, miyala ndi mawaya zitoledwe, ana atalikire, ndipo patapata asalowe m'bwalo.

Sukulu yaikulu kapena kalabu yokhala ndi mahekitala angapo osalala, ndalama ya petulo ndi makaniko wodalirika ingapindule ndi makina okwera. Kwa banja, tchalitchi chapamudzi ndi woyamba geni, makina okankha olimba ndiwo amafika mu Epulo akulirabe. Ndalama yotsalayo ikhale ya oyilo, mpeni wina ndi petulo wa dzinja lonse.