Chiliza cha Jimmie Crutchfield ndi goloboyi wa kwathu

Mwana wa mchemwali wanga, amene akuphunzira ku America, ananditengera ku nyumba yosungiramo mbiri ya baseball ya anthu akuda mumzinda wa Kansas City. Baseball ndi masewero omenya kampira kolimba ndi chibonga, munthu n'kuliyatsa liwiro. Mkulu wina amene tinacheza naye kumeneko anandifunsa kuti kwathu mbiri ya osewera mpira akale timaisunga kuti. Ine ndinaloza pamtima. Iye anapukusa mutu, nati zosalembedwa zili ngati sizinachitike n'komwe. Mawuwo anandibaya, ndipo ndinatsika nawo ndege pa Chileka akundinyong'onyabe.

Kulemba amalembadi anthu aja. Archibald Graham, yemwe ankamutcha Moonlight, analowa m'bwalo kamodzi kokha mu ligi yaikulu, pa 29 June 1905, atavala malaya a New York Giants. Ngakhale mpata wogwira chibonga sanaupeze. Anakathera moyo wake pa udokotala m'katauni ka Chisholm ku Minnesota, koma tsiku limodzilo lili m'mabuku mpaka lero.

Koma tamvani za Jimmie Crutchfield. Iyeyu anasewera mu timu ya Pittsburgh Crawfords m'zaka za m'ma 1930, nthawi imene munthu wakuda ankatsekeredwa kunja kwa ligi ya azungu, Jackie Robinson asanathyole mpandawo mu 1947. Atamwalira mu 1993 anamuika kumanda a Burr Oak pafupi ndi Chicago, pamtumbira popanda dzina. Panapita zaka 11 kuti dokotala wina, Jeremy Krock, asonkhetse ndalama zomuikira chiliza mu 2004. Nawo eni ligi anazengereza mpaka mu December 2020 kuti avomereze zoti osewera akuda pafupifupi 3,400 a pakati pa 1920 ndi 1948 anali a ligi yaikulu. Ambiri mwa iwo anali atagona kale. Nanga ulemu wopeza munthu ali m'dothi, amaumva ndani?

Kwathu wosewera amakumbukiridwa akadali ndi mpweya. Mu 1978, pamene Flames inagonjetsa Zambia 3-2 n'kutenga chikho cha mayiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa, ndinali kamnyamata kosavala nsapato. Bambo anali atayanika mabatire padzuwa kuyambira m'mawa kuti wailesi isatichititse manyazi. Mudzi wonse unadzaza pakhonde pathu, ndipo chigoli chikalowa amayi ankatulukira kukhitchini mthiko uli m'manja, nthungululu ili pakamwa. Kutacha tinakulunga mapepala ndi luzi, n'kuyamba kulimbirana maina pa mpira wathu wachikulunga. Wothamanga anali Kinnah Phiri, wotseka kumbuyo anali Jack Chamangwana, amene dziko lonse linkangomuti Africa, ndipo amene wagwira mpira wovuta pakati pa njerwa ziwiri anali Boniface Maganga mpaka dzuwa kulowa. Zaka zotsatira kunabwera a Lule, kutengera Lawrence Waya, ndi a Young Chimodzi ambirimbiri. Dzina la munthu likamatchulidwa ndi ana pafumbi, munthuyo sanaiwalike.

Ndiponso si otchuka okha ayi. M'dera lathu munali goloboyi wina amene sanavalepo malaya a Bullets kapena Wanderers. Ankagwira ntchito pachigayo, Loweruka n'kukaima pagolo ufa uli mbuu m'nsidze. Anasiya mpira bondo litamuvuta, koma mpaka ukalamba wake aliyense ankamulonjera kuti, "Mwaswera bwanji a Goloboyi?" Achinyamata ankamusungira mpando m'mbali mwa bwalo, ndipo asanayambe masewero ankapita kaye kukamugwira chanza. Atatisiya, anzake a timu yakale anachezera pasiwa usiku wonse akufotokoza za penate imene anagwira tsiku lina, aliyense akusonyeza ndi manja mmene anadumphira. Anyamata a timu yatsopano ndiwo ananyamula bokosi atavala yunifolomu. Chaka chitatha, mudzi unasonkha simenti n'kumumangira chiliza. Munthu ameneyu sanadikire zaka 11, kapena chifundo cha mlendo.

N'chifukwa chake sindivomereza zoti zathu sizinachitike. Zinachitika, ndipo mboni zake zikuyenda ndi miyendo. Buku limasunga tsiku ndi nambala, koma silikhuza maliro, silipereka moni, silisungira nkhalamba mpando.

Chimene ndikuopa n'chimodzi. Mboni zathuzo zikutha. Chamangwana anatisiya mu 2018, ndipo anyamata ambiri a lero sadziwa kuti mu 1987 Malawi inathira Cameroon 3-1 ku Nairobi n'kubwera ndi mendulo. Ngati zazikulu chonchi zikuzilala, nanga za goloboyi wa pachigayo zitha bwanji? Ulemu tili nawo kale, ndipo sitikusowa woti atiphunzitse. Chotsala ndi cholembera basi.

Inu amene muli ndi agogo, amalume kapena oyandikana nawo amene anamenyapo chikopa pabwalo la Kamuzu, la BAT kapena la sukulu ya kwanu, pitani mukakhale nawo pamphasa sabata ino. Afunseni maina a anzawo onse khumi, mulembe m'kope, ndipo muwawerengere zimene mwalembazo akadali moyo.