Okapi: mpeni wa m'thumba umene ukufuna kuyeretsa dzina lake

M'midzi ndi m'matauni ambiri a kummwera kwa Africa, dzina loti Okapi limadzutsa maganizo awiri osiyana. Kwa mlimi, msodzi ndi mbusa wa ng'ombe, uwu ndi mpeni wopinda wosendera nzimbe, wotumbulira nsomba ndi wodulira chingwe. Kwa wapolisi ndi woweruza milandu, ndi chida chimene chimatchulidwa kawirikawiri pa milandu ya ndewu za m'malo omwera mowa. Pakati pa magulu awiriwa pali gulu lachitatu limene silimveka kwenikweni: anthu amene amatolera mipeni yotereyi, kuikonza ndi kuikongoletsa monga chinthu chowasangalatsa pa nthawi yopuma.

Chiyambi chake

Mpeni wa Okapi unayamba kusulidwa m'chaka cha 1902 mumzinda wa Solingen ku Germany, umene ndi wotchuka pa ntchito yosula mipeni ndi malumo. Cholinga chinali choti uzigulitsidwa m'maiko a mu Africa amene pa nthawiyo anali pansi pa ulamuliro wa Germany, monga Namibia ndi Tanganyika. Dzina lake linachokera ku nyama ya m'nkhalango za ku Congo yotchedwa okapi, imene azungu anali atangoidziwa kumene m'chaka cha 1901.

Chimene chinautchukitsa ndi kutsika mtengo komanso kusavuta kwake. Chitsulo chake sichichedwa kuthwa ngakhale pa mwala wamba wonolera, ngakhale kuti chimachita dzimbiri msanga chikasiyidwa ponyowa. Kumsana kwake kuli kachitsulo kogwira mpeniwo kuti usapindike pogwira ntchito, ndipo poutseka munthu amakoka kamphete kokhala pamwamba. Chigwiriro chake n'chamtengo, ndipo ina imakhala ndi chithunzi cha mwezi ndi nyenyezi. M'chaka cha 1988 ntchito yosula mipeniyi inasamukira ku South Africa, kudera la Isithebe m'chigawo cha KwaZulu-Natal.

Kusamukaku n'kumene kunapatsa otolera chinthu choti azisakasaka. Mpeni wolembedwa kuti unapangidwa ku Germany ndi umboni wa nyengo imene inatha, choncho amauona kuti ndi wamtengo wapatali kuposa watsopano. Ina mwa mipeni yakale yotereyi ili m'mabokosi a agogo amene anabwera nayo pochokera ku migodi ya ku Joni, pamodzi ndi mabulangete, zipewa ndi mawailesi. Pa chifukwa chimenechi, Okapi wakale amasunganso mbiri ya banja.

Luso la kukongoletsa

Wokongoletsa amayamba ndi kuchotsa dzimbiri ndi sandipepala wosalala, kenako amapaka mafuta pang'ono pachitsulo. Ena amasema mizere ndi timaluwa pachigwiriro, ena amalembapo dzina kapena mfunda wa mwini wake ndi kachitsulo kamoto. Aluso kwambiri amachotseratu chigwiriro chakale n'kuikapo china cha tsanya, mlombwa, fupa kapena nyanga ya ng'ombe, n'kuchikhomera ndi timisomali tamkuwa. Komabe otolera odziwa amachenjeza kuti mpeni wakale kwambiri sufunika kuupala mopyola muyeso, chifukwa zilembo za kampani zikafufutika, umboni wa kumene unachokera umapita nazo limodzi.

Ntchito imeneyi sifuna makina odula. Tupa, kamacheka, sandipepala ndi kuleza mtima n'zokwanira. Amisiri osema ziboliboli, amene msika wawo umadalira alendo odzaona malo, ali nalo kale luso lofunikalo, ndipo kachidutswa ka mtengo kotsala posema mpando kakhoza kukwanira zigwiriro zingapo. Kuti dera lino lili ndi amisiri a mipeni odziwika pa dziko lonse si nkhani yokayikitsa. Chris Reeve, yemwe anabadwira ku Durban n'kusamukira ku America mu 1989, anatchuka ndi mpeni wopinda wotchedwa Sebenza, liwu la Chizulu lotanthauza kugwira ntchito.

Malire a lamulo

Ngakhale zili choncho, wotolera aliyense ayenera kudziwa malamulo a dziko limene akukhala. Ku South Africa, lamulo la zida zoopsa la 2013 limapereka chilango kwa munthu wopezeka ndi chida m'njira yokayikitsa kuti akufuna kupalamula nacho mlandu, koma limalola kukhala nacho pa ntchito yovomerezeka, pa miyambo ya chikhalidwe ndiponso pofuna kutolera kapena kuonetsa. Ku Zimbabwe lamulo ndi lokhwima kwambiri, pakuti limaletsa mitundu ina ya mipeni yopinda yokhala ndi loko. Motero mpeni umene ndi chokongoletsera m'nyumba ya ku Polokwane ukhoza kumangitsa mwini wake akangowoloka nawo mlatho wa Beitbridge.

Zipangizo zokongoletsera nazonso zili ndi malire. Malonda a minyanga ya njovu pakati pa maiko analetsedwa mu 1989 pansi pa pangano la CITES, ndipo ku Malawi lamulo loteteza nyama zakutchire limene linakonzedwanso mu 2017 limalola makhoti kupereka chilango chofika zaka 30 m'ndende. Mtengo wa phingo, womwe osema amaukonda chifukwa cha kuda ndi kulimba kwake, unalowa m'gulu la mitengo imene malonda ake kunja amafuna chilolezo kuyambira mu 2017. Chigwiriro cha nyanga ya ng'ombe yotengedwa kophera nyama chimawala bwino lomwe popanda kuphetsa njovu kapena kuika mmisiri m'mavuto.

Phunziro lochokera ku Japan

Mbiri ya mpeni wina wa ku Japan wotchedwa Higonokami ikusonyeza zimene zimachitika dzina la chipangizo likaipa. Mpeniwu, wosulidwa mumzinda wa Miki, unali m'thumba la pafupifupi mwana wasukulu aliyense, ndipo ankasongolera pensulo. Mu 1960 mnyamata wa zaka 17 anabaya ndi kupha mtsogoleri wa ndale, Inejiro Asanuma, ndi lupanga lalifupi. Ngakhale kuti chida chimene anagwiritsa ntchito sichinali Higonokami, kampeni yolanda ana mipeni imene inatsatirapo inagwetsa msika wake, ndipo osula ambiri anasiya ntchito. Lero banja limodzi lokha, la Nagao, ndilo lili ndi ufulu wogwiritsa ntchito dzinali, ndipo ena mwa amene akuchirikiza msika wake ndi otolera a m'maiko osiyanasiyana.

Nkhawa ya apolisi pa Okapi ili ndi maziko, pakuti mabanja ambiri aika maliro chifukwa cha ndewu zimene mpeniwu unatulutsidwa m'thumba. Otolera sangathetse okha vutoli. Chimene angathe n'kuonetsa achinyamata njira ina yogwirira mpeni womwewo: kuunola, kuupaka mafuta, kusema chigwiriro chake ndi kuusunga pakhomo m'malo mopita nawo kumowa. Mnyamata amene watha masabata awiri akusalaza nyanga ya ng'ombe kuti ikwanire pampeni wa agogo ake amaphunzira ntchito ya manja imene ingadzamudyetse, ndiponso amadziwa kumene mpeniwo unachokera ndi zimene unkagwira.