Ntchito ya instrumentation: nchiyani ndipo munthu amailowa bwanji?

Achinyamata ambiri kuno kwa Kaphuka akamva za maphunziro a ntchito zamanja amangoganiza za ukalipentala, kuwotcherera ndi kumanga nyumba. Koma pali luso lina lomwe mafakitale sangayende popanda ilo, lotchedwa instrumentation and process control. Dzina lokhalo lisakuopseni.

Mukudziwa mmene wa pachigayo amachitira. Amamvetsera kulira kwa injini, ikayamba kulemedwa amachepetsa chimanga, ikapepuka amawonjezera. Khutu lake likuyeza, mutu ukuganiza, dzanja likukonza. M'fakitale ntchito zitatuzi zimagwiridwa ndi zipangizo. Sensa imayeza kutentha, mphamvu ya nthunzi, kuchuluka kwa madzi m'thanki kapena liwiro lake mupaipi. Uthenga umapita ku kakompyuta kotchedwa PLC, komwe kamafananiza zomwe zayezedwa ndi mlingo wofunika. Zikasiyana, kamalamula valavu kapena mota kuti itsegule, itseke kapena ichepetse liwiro. Zimangozungulira choncho usana ndi usiku, ndipo woyang'anira amaona zonse pa sikirini kudzera mu dongosolo lotchedwa SCADA.

Masensa ambiri amatumiza uthenga ndi magetsi ochepa kwambiri, kuyambira 4 mpaka 20 milliamps. Thanki ikakhala yopanda kanthu amatumiza 4, ikadzaza 20. Bwanji osayambira pa 0? Apa mpomwe pali nzeru. Mita ikawerenga 0, katswiri amadziwiratu kuti waya waduka kapena sensa yafa, osati kuti madzi atha.

Gawo lalikulu la ntchitoyi ndi calibration, kutsimikiza kuti chipangizo chikunena zoona. Aliyense amene anagulitsapo soya kapena nyemba kwa mavenda akudziwa kuwawa kwa sikelo yonama. Ndiye taganizani sensa yonama pa boyila ya fakitale ya shuga. Katundu amawonongeka, makina amaima, mwinanso anthu kuvulala.

Nanga luso limeneli limagwira kuti? Kumafakitale a shuga a Illovo ku Nchalo ndi ku Dwangwa, ku Salima Sugar, kumalo opangira magetsi a EGENCO ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumabungwe a madzi ngati Central Region Water Board, komanso kumakampani a zakumwa ndi simenti. M'boma lathu lomwe lino, ku Golomoti kuli malo opangira magetsi a dzuwa okwana 20 megawatts okhala ndi mabatire osungira mphamvu, omwe anayamba ntchito mu 2022. Mtambo ukaphimba dzuwa palibe munthu amathamangira ku switchi ayi, zipangizo zoyeza ndi zolamula ndi zomwe zimauza mabatire zochita.

Polowera pake ndi pa zamagetsi. Choyamba limbikirani masamu ndi Physics pa MSCE, chifukwa mawerengero a Ohm's law mudzakumana nawo tsiku lililonse. Kenako tcherani khutu TEVETA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, ikamalengeza malo a maphunziro a zamagetsi m'makoleji ngati Lilongwe Technical College. Amene mapointi awo ali bwino angathe kulembera electrical engineering ku MUBAS, yomwe kale inali Polytechnic. Zambiri za instrumentation munthu amazigwira bwino ali pa attachment kufakitale, choncho posankha kokagwira attachment funani komwe kuli ma PLC.

Musanalipire fizi ku koleji iliyonse yomwe mwaiona pa Facebook kapena WhatsApp, funsani ngati inalembetsedwa ku TEVETA, ndipo pitani mukaone workshop yake ndi maso anu. Ngati mulibe multimeter, masensa ndi PLC yoti ophunzira azigwira ndi manja, ndalama ya mbatata yomwe makolo anaivutikira kudimba ingopita pachabe. Atsikana nanunso lemberani, ntchitoyi imafuna kuleza mtima ndi kuwerenga bwino manambala kuposa mphamvu za m'mikono.